Masamba anayi osafanana ndi nyenyezi imodzi pa Google: ndiyambire pati?

Funso: Ndili ndi bizinesi yopanga ndi kugulitsa mipando ndi matebulo. Tili pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, ndipo timaonekanso pa Google Maps, koma masambawa anatsegulidwa ndi anthu osiyanasiyana pa nthawi zosiyana. Dzina silinalembedwe mofanana, chizindikiro chathu chili mitundu iwiri, ndipo pena padakali nambala yakale. Sabata yatha kasitomala wina analemba pa Google kuti tinachedwetsa katundu wake komanso sitinkayankha foni, n'kutipatsa nyenyezi imodzi. Mnzanga akuti ndingopeza anthu alembe ndemanga zabwino kuti yoipayo ikwiririke. Kodi kufanana kwa masambaku kuli ndi ntchito kwenikweni? Nanga ndemangayi ndingaichotse bwanji? Ndine mayi wabizinesi.

Yankho: Mayi, mwafunsa ngati muli ndi mavuto awiri, koma n'kutheka kuti ndi limodzi lomwelo. Kasitomala akuti simunkayankha foni, inu mukuti pa tsamba lina padakali nambala yakale. Musanachite china chilichonse, fufuzani nambala yomwe ankaimba. Ngati ndi yakaleyo, munthuyo sananame. Anaimba pa nambala yomwe tsamba lanu linamupatsa, foni n'kumangoitana kapena kukhala yozima, ndalama zake zili kwa inu. Aliyense akanakwiya.

Ntchito ya kufanana kwa masamba yagona pamenepa. Ambiri amaiona ngati nkhani yokongoletsa, koma ndi nkhani ya umboni. Munthu wobwera pamalo panu amaona nkhope yanu, amagwira mpando, amaugwedeza kuti aone ngati ndi wolimba. Wa pa intaneti alibe zonsezi. Asanatumize dipoziti amayerekeza: dzina la pa Facebook ndi lomwe lili pa Google? Nambala yomwe akuuzidwa kuti atumizeko ndalama ndi yomwe ili pa tsamba? Chithunzi cha pa WhatsApp ndi chizindikiro chomwe anaona pa Instagram? Chimodzi chikasemphana, ambiri safunsa n'komwe. Amangochoka mwakachetechete, inu osadziwa kuti panali wogula.

Palinso akathyali. Bizinesi ya masamba osokonekera ndi yosavuta kuibera dzina, chifukwa makasitomala anazolowera kale kuti imaoneka mosiyanasiyana, ndiye tsamba lachisanu labodza silidabwitsa munthu. Izi zimagwera ngakhale makampani akuluakulu. Mu November 2022, Twitter itayamba kugulitsa chizindikiro chabuluu chotsimikizira akaunti pa madola 8 pa mwezi, munthu wina anatsegula akaunti m'dzina la kampani yopanga mankhwala ya Eli Lilly n'kulemba kuti insulin, mankhwala a matenda a shuga, tsopano ndi yaulere. Uthengawo unafala kwambiri, kampaniyo mpaka inachita kutulutsa uthenga wopepesa pa zinthu zomwe sinalembe. Ngati zinavuta kampani yodziwika chotero, wabizinesi yaing'ono ayenera kuonetsetsa kuti kasitomala ali ndi njira yachidule yozindikirira tsamba lenileni.

Poyambira si pa chizindikiro ayi. Yambani ndi funso lakuti masambawa ndi a ndani. Tengani pepala, mulembe malo onse omwe bizinesi yanu ikuoneka, ndipo pa malo alionse mulembe zinthu zinayi: imelo kapena nambala yomwe anatsegulira, amene ali ndi pasiwedi, amene ali ndi mphamvu yochotsa anzake pa tsambalo, ndi tsiku lomwe munaikapo kanthu komaliza. Kuti musaphonye tsamba, bwerekani foni ya munthu yemwe sanalowepo pa masamba anu, mulembe dzina la bizinesi pa Google, pa Google Maps, pa Facebook ndi pa Instagram, kenako mulembenso dzinalo molakwitsa pang'ono monga momwe makasitomala amalitchulira. Fufuzaninso nambala yakale ija payokha. Nthawi zambiri pamatulukira tsamba loiwalika, lomwe anatsegula wantchito amene anasiya kalekale, kapena malo a pa mapu omwe anaikapo munthu wapadera.

Tsamba lomwe lili m'manja mwa mphwanu, mwana wa achemwali anu kapena wantchito, silinakhale lanu. Tsiku lomwe mudzasemphane mawu, kapena iye kutaya foni, makasitomala onse omwe munawasonkhanitsa pamenepo apita. Tsegulani imelo imodzi ya bizinesi, yomwe pasiwedi yake muli nayo inu nokha, ndipo maakaunti onse asamukire pa imeloyo. Pa Facebook ndi Instagram musamagawe pasiwedi. Meta Business Suite, chida choyendetsera masamba a bizinesi pa Facebook ndi Instagram, imalola kupatsa wantchito mphamvu yoika zithunzi ndi kuyankha mauthenga basi, popanda mphamvu yochotsa mwini tsamba, ndipo akasiya ntchito mumangomuchotsa tsiku lomwelo. Pa Google pali Google Business Profile, akaunti yoyang'anira malo a bizinesi yanu pa mapu, yomwe mpaka 2021 inkatchedwa Google My Business. Ngati simunatsimikizirebe kuti malo omwe akuoneka pa mapuwo ndi anu, simungathe kuyankha ndemanga ngati mwini bizinesi, ndipo munthu aliyense angathe kupempha Google kuti isinthe maola anu kapena nambala yanu inu osamva. Kutsimikizirako n'kwaulere. Google imasankha yokha njira, kaya kanema wosonyeza malo ndi chikwangwani, kaya nambala yachinsinsi yotumizidwa pa foni, pa imelo kapena pa kalata.

Mukatero, yatsani chitetezo cha magawo awiri paliponse, chija chofuna nambala yapadera kuwonjezera pa pasiwedi. Pa WhatsApp ndi PIN ya manambala 6. Uzani aliyense wogwira foni ya bizinesi kuti nambala yomwe WhatsApp imatumiza pa SMS saiuza munthu, ngakhale wopemphayo atalemba ngati mnzake. Chimodzimodzi mauthenga aja onena kuti tsamba lanu litsekedwa pakatha maola 24 mukapanda kudina apa: amenewo ndi msampha wobera pasiwedi. Tsamba likabedwa, akuba amapitiriza kulandira madipoziti m'dzina lanu, ndipo chipongwe chonse chimagwera inu.

Tsopano dzina. Sankhani kalembedwe kamodzi, komwe kali pa chikwangwani ndi pa risiti, mukagwiritse ntchito paliponse chilembo ndi chilembo. Dzina lalifupi lija loyamba ndi @ liyeseni kaye pa malo omwe ali ndi malire opanikiza: X (yomwe kale inali Twitter) imalola zilembo 15 zokha, TikTok 24, Instagram 30. Lomwe lakwana pa 15 likwana paliponse. Litengeni ngakhale pa masamba omwe simukuwagwiritsa ntchito panopa, kuti wina asalilande. Koma kutenga dzina n'kosiyana ndi kulima munda uliwonse. Mapanga awiri avumbwitsa: masamba awiri omwe mumayankhapo tsiku lililonse amaposa asanu omwe uthenga umagonapo sabata. Pa omwe simukwanitsa, ikani uthenga umodzi wolozera anthu komwe mumapezeka. Ngati pa Facebook muli ndi masamba awiri, mukhoza kuwaphatikiza ngati onse mukuwayang'anira ndinu ndipo mayina ake ndi ofanana, koma dziwani kuti otsatira amasamuka pomwe zithunzi ndi zolemba za tsamba lomwe lamezedwalo zimafufutika. Sungani kaye zofunika.

Pa Google pewani chiyeso chowonjezera mawu pa dzina, monga "mipando yotchipa yabwino kwambiri", pofuna kuti muzituluka pamwamba. Malamulo awo amafuna dzina lenileni, ndipo amatha kuimitsa tsamba chifukwa cha zimenezi. Adilesi, nambala ndi maola otsegulira zikhale zofanana paliponse. Mukadzasinthanso nambala, gwiritsani ntchito njira yosinthira nambala yomwe ili mkati mwa WhatsApp momwemo, chifukwa imasamutsa akaunti ndi kudziwitsa anthu, ndipo simu khadi yakale muisunge yoyaka kwa miyezi ingapo. Masiku omwe mukutseka mwapadera, lembani pa Google. Munthu woyenda ulendo wautali n'kupeza chitseko chokhoma pomwe foni inamuuza kuti mwatsegula, ndi yemwe amalemba ndemanga yowawa kwambiri.

Za chizindikiro ndi mitundu sizifuna zambiri, koma zifuna kulembedwa. Kuuza wojambula kuti "mtundu wathu ndi wobiriwira" sikokwanira, pakuti pali kubiriwira kosawerengeka. Pa kompyuta mtundu uliwonse uli ndi nambala yake ya HEX, zilembo ndi manambala 6 zotsogozedwa ndi #, ndipo osindikiza amagwiritsa ntchito miyeso ina ya CMYK. N'chifukwa chake mtundu wowala pa foni umatha kutuluka wozimirira pa pepala. Funsani amene anakupangirani chizindikiro akupatseni miyeso yonse iwiri, dzina la kalembedwe ka zilembo, ndi mafayilo enieni: la SVG kapena PDF lomwe silisweka ngakhale mulikulitse kufika pa chikwangwani, ndi la PNG lopanda mtundu kumbuyo. Chizindikiro chomwe chayenda pa WhatsApp ngati chithunzi katatu kanayi chimafika chitachita mbuu, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi. Muzichitumiza ngati document. Kumbukiraninso kuti masamba ambiri amadula chithunzi cha mwini tsamba kukhala chozungulira, ndiye mawu a m'makona amaduka. Pakhale mtundu wina wa chizindikiro wopangidwira bwalo laling'onolo, wowerengeka ngakhale utachepa ngati chikhadabo.

Pa zizindikiro ziwiri zomwe muli nazozo, sankhani chomwe makasitomala amachidziwa kale, ngakhale chinacho chikukukomerani. Musapezerepo mwayi wopanga chachitatu. Kampani ya zovala ya Gap inasintha chizindikiro chake mu October 2010, anthu anachikana pa intaneti, ndipo patangotha pafupifupi sabata imodzi inabwerera ku chakale. Chizindikiro chimakhala ndi phindu chifukwa choti anthu anachizolowera.

Chachikulu kuposa mitundu, komwe mabizinesi ambiri amagwera, ndi kufanana kwa malonjezo. Mtengo wa tebulo pa Instagram ndi wa chaka chatha, pa WhatsApp wantchito mmodzi akuti masiku 7, wina akuti 14, za dipoziti aliyense akunena zake. Khalani pansi mulembe tsamba limodzi lokha: mitengo ya lero, dipoziti ndi gawo lanji la mtengo, katundu amatenga masiku angati, amalipira mayendedwe ndani, mpando ukafika wothyoka chimachitika n'chiyani, ndi maakaunti omwe mumalandirirapo ndalama. Mayankhowa muwaike mu WhatsApp Business ngati mayankho okonzeratu, kuti aliyense wogwira foni azitumiza mawu omwewo. Ikaninso uthenga wodziyankha wokha usiku, wonena nthawi yomwe muyankhe. Polemba masiku, musalembe omwe mumatenga zinthu zikayenda bwino. Ngati nthawi zambiri mumamaliza pa masiku 10 koma matabwa akachedwa mumafika 16, lonjezani 16. Wolandira katundu msanga amayamikira, pomwe wodikira tsiku limodzi lowonjezera amayamba kuganiza kuti waberedwa. Zithunzi nazo zikhale za ntchito ya manja anu. Kutenga zithunzi zokongola pa intaneti n'kumaonetsa ngati zanu kumangobereka chikomekome cha nkuyu, ndipo kasitomala akalandira chosiyana amaika zithunzi ziwirizo pamodzi kuti dziko lonse lione.

Tibwere ku ndemanga ija. Simungaichotse. Pa Google wochotsa kapena kusintha ndemanga ndi yemwe anailemba. Inu mungathe kungoinenera ku Google ngati ikuphwanya malamulo awo, monga ngati muli mawu otukwana kapena achidani, ngati analemba ndi wopikisana nanu kapena munthu yemwe sanagulepo kanthu kwa inu, kapena ngati ikukamba za bizinesi ina. Ndemanga ya kasitomala weniweni yonena kuti munachedwa siphwanya lamulo lililonse, ngakhale ikupweteke bwanji.

Musamuopsezenso ndi maloya kapena kumutumizira anthu. Mu 2003 woimba Barbra Streisand anasumira wojambula zithunzi Kenneth Adelman, kufuna madola 50 miliyoni, chifukwa cha chithunzi cha nyumba yake ku Malibu chomwe chinali pakati pa zithunzi zikwizikwi za gombe la California. Mlandu usanayambe, chithunzicho chinali chitatengedwa pa webusaitiyo kasanu n'kamodzi kokha, kawiri ndi maloya ake omwe. Nkhani itamveka, anthu oposa 420,000 anapita kukachiona mwezi wotsatira, ndipo mlanduwo anaugonja. Pa Facebook zimachitika chimodzimodzi mukafufuta dandaulo kapena kubuloka mwini wake: amakhala atajambula kale screenshot, ndipo nkhani imasintha kuchoka pa kuchedwa kwa mpando n'kukhala yakuti mumabisa zolakwa. Zofufuta ndi zotukwana, zotsatsa malonda a ena, ndi zomwe zaulula nambala kapena adilesi ya munthu. Dandaulo lenileni lisiyeni pomwepo, yankho lanu lili pansi pake.

Yankholo simukulembera wodandaulayo yekha. Mukulembera anthu onse omwe adzawerenge miyezi ikubwerayi akuganiza zokutumizirani ndalama, ndipo chomwe amafuna kuona ndi momwe mumachitira zinthu zikalakwika. Musayankhe mtima uli m'mwamba, pakuti madzi akatayika saoleka, koma musadutsenso tsiku limodzi kapena awiri. Kwa inu sabata yatha kale, ndiye yankhani lero. Yambani mwafufuza m'buku la maoda: analipira liti, munamulonjeza liti, analandira liti, ankaimba nambala iti. Kenako muimbireni foni, mumumvetsere mpaka amalize osamudula. Mukatero lembani poyera mawu ochepa, monga awa: "Pepani kwambiri. Tinakulonjezani masiku 10 koma katundu wanu anafika mochedwa, ndipo nambala yomwe munkaimba inali yakale, yomwe tinaiwala kuichotsa pa tsamba lathu. Taichotsa tsopano. Takuimbirani kuti tikambirane momwe tingakonzere, ndipo mukafuna kutipeza, nambala yathu ndi yomwe ili pamwambapa."

Onani zomwe mulibe m'yankholi. Mulibe "ngati mwakhumudwa", mawu omwe amamveka ngati vuto ndi mtima wa kasitomala. Mulibe kuloza chala wantchito kapena woyendetsa galimoto. Mulibe zachinsinsi za munthuyo, monga ndalama zomwe analipira kapena komwe amakhala. Kupepesa kozembazemba kumakolezera moto. Mu April 2017 apolisi a pa bwalo la ndege ku Chicago anakhwekhwereza munthu wina kumutulutsa mu ndege ya United Airlines, anzake n'kujambula kanema yemwe anafala dziko lonse. Uthenga woyamba wa mkulu wa kampaniyo, Oscar Munoz, unapepesa chifukwa chosinthira anthu ulendo, osatchula zomwe aliyense anaona ndi maso. Mkwiyo unakula, ndipo anachita kupepesanso kachiwiri momveka bwino. Ngati kasitomala wanu walakwitsa mfundo ina, ikonzeni kamodzi, mwaulemu, ndi tsiku kapena chiwerengero, basi. Akabwezanso mwaukali, musalowe m'mpikisano wa mawu. Nkhani yotsala ikathere pa foni. Vuto likatha ndipo iye wakhutira, mungathe kumuuza kuti ali ndi ufulu wosintha ndemanga yake, koma kukonza cholakwacho kusadalire kuti wasintha kapena ayi.

Malangizo a mnzanuwo akanireni. Google imaletsa ndemanga zabodza, zogula, zolembedwa ndi antchito anu, ngakhalenso zomwe munthu wapatsidwa mphatso kapena kutsitsiridwa mtengo kuti alembe. Ikazizindikira imazichotsa, ndipo imatha kuika chenjezo pa tsamba kapena kuliletsa kulandira ndemanga kwa kanthawi. M'maiko ena ndi mlandu: ku America lamulo la FTC, bungwe la boma loteteza ogula, loletsa ndemanga zabodza linayamba kugwira ntchito mu October 2024, ndipo ku Britain lamulo lofanana nalo linayamba mu April 2025. Kupatula zonsezo, owerenga si ana. Ndemanga 12 za nyenyezi zisanu zobwera sabata imodzi, zonse zongoti "abwino kwambiri", zochokera kwa anthu omwe sanalembepo kwina kulikonse, zimanunkha patali. Zimachititsa kuti yoipa ija ioneke ngati yokhayo yoona.

Chomwe mnzanuyo walondola n'chakuti kuchuluka kwa ndemanga kumathandiza. Werengani nokha: muli ndi ndemanga 3, ziwiri za nyenyezi zisanu ndi imodzi ya nyenyezi imodzi, Google ikuonetsa 3.7. Zikakhala 10, zisanu n'zinayi zabwino ndi yoipa yomweyo, ndi 4.6. Zikafika 50 ndi 4.9. Vuto la mabizinesi ambiri abwino n'lakuti okhutira amangothokoza pakamwa n'kumapita, pomwe wokwiya yekha ndiye amalemba. Choncho pemphani. Mu Google Business Profile muli link yopita molunjika polembera ndemanga, ndipo mungathe kuisandutsa QR code yoika pa risiti. Itumizeni patatha masiku awiri kapena atatu katundu atafika, munthu atakhalapo kale pa mpando, ndi mawu achidule opempha kuti alembe momwe zinayendera. Pemphani aliyense, osati okhawo omwe mukudziwa kuti akondwa, chifukwa kusankha koteroko Google imakuletsanso. Zabwino nazo muziziyankha, potchula chinthu chomwe munthuyo anagula, osati kumata "zikomo" yemweyo paliponse.

Kuyang'anira sikufuna zida zodula. Yatsani zidziwitso za ndemanga pa foni ya munthu mmodzi wodziwika, kuti pasakhale kuti aliyense amaganiza kuti mnzake wayankha. Lembetsani dzina la bizinesi pa Google Alerts, yomwe imakutumizirani imelo dzinalo likatchulidwa pa intaneti ndipo ndi yaulere, ngakhale siona zambiri zolembedwa mkati mwa Facebook ndi WhatsApp. N'chifukwa chake kamodzi pa sabata muzifufuza nokha dzina lanu pa Facebook, mphindi 15 zokha, kuti muone zomwe zikukambidwa m'magulu komanso ngati patuluka tsamba lokuberani dzina. Mukalipeza, linenereni ku Facebook ngati tsamba lonamizira, mupemphe makasitomala odalirika achitenso chimodzimodzi, ndipo muike uthenga pamwamba pa masamba anu onse wotchula tsamba lenileni ndi maakaunti okhawo omwe mumalandirirapo ndalama. Pakatha miyezi itatu iliyonse bwererani ku pepala lija la masamba, muone ngati mitengo, maola ndi nambala zidakali zoona. Ngati muli ndi webusaiti, onani tsiku lomwe dzina lake likutha, chifukwa limalipiridwa chaka ndi chaka ndipo likatha wina angathe kuligula.

Madandaulo onse, a poyera ndi a ku inbox, muziwalemba m'kabuku kamodzi: tsiku, nkhani yake, ndi chomwe munachita. Pakatha miyezi iwiri muwerenge. Mukapeza kuti anthu atatu osadziwana adandaula za kuchedwa, ntchito siilinso pa foni. Pitani mukakhale pansi ndi akalipentala anu ndi amene amakugulitsani matabwa, muone pomwe masiku akutayika, ndipo pomwe mukukonza zimenezo, sinthani chiwerengero cha masiku pa masamba onse anayi tsiku lomwelo.